Dzina siliziziritsa nyumba

Nkhani ya sabata ino ikuchokera kutali, ku America, ndipo poyamba muona ngati sikukukhudzani. Dekhani pang'ono. Funso limene lili m'kati mwake ndi lomwe mumakumana nalo mukaima pashopu ndalama ili m'manja: mukamagula chinthu chimene simungathe kuona m'kati mwake, mumakhulupirira chiyani, dzina lolembedwa pamwamba kapena munthu amene waima pamaso panu?

Ku America nyumba pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse zili ndi makina oziziritsa m'nyumba, amene ambirife timangoti AC, ndipo ziwiri mwa zitatu zili ndi mtundu umene umaziziritsa nyumba yonse pakamodzi. Si kaja kopachika pakhoma kamene mumaona m'mabanki ndi m'maofesi kwathu kuno ayi. Awa ali ndi zigawo zitatu. Kunja kwa nyumba kumakhala chibokosi chachitsulo, m'kati mwake muli kompuresa ndi fani. M'nyumba, kawirikawiri pakati pa siling'i ndi denga kapena m'chipinda cha pansi, mumakhala timapaipi topindapinda timene mpweya umazizirirapo. Ndiyeno pali mipope ikuluikulu yodutsa m'siling'i ndi m'makoma, yotengera mpweya wozizirawo kuchipinda chilichonse. Pakati pa chigawo cha kunja ndi cha m'kati pamayenda gasi, wofanana ndi uja amatha m'firiji mpaka amayi n'kuyamba kufunsa kumene kuli wokonza. Makinawa sapanga kuzizira. Amatola kutentha kwa m'nyumba n'kukakutaya kunja, basi.

Makina otere amakhala zaka 15 mpaka 20, kenaka amatopa. Ndipo nthawi zambiri safa m'nyengo yozizira pamene palibe akuwafuna. Amafa pakati pa chilimwe, atalira usana ndi usiku osapuma. Kugula ena n'kuwaikitsa kumadya madola masauzande angapo, ndalama imene mabanja ambiri amachita kutengera ngongole. Mwina mukuti amenewo ndi mavuto a anthu okhuta. Taimani kaye. Mu 2023 mzinda wa Phoenix ku Arizona unakhala masiku 31 otsatizana kutentha kukufika madigiri 43 kapena kuposa, ndipo chaka chimenecho m'dera la Maricopa, mmene muli mzindawo, anthu 645 anamwalira pa zifukwa zokhudzana ndi kutentha. Mwa amene anafera m'nyumba, ambiri AC anali nayo, koma inali yakufa. Inu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje mukudziwa mmene Okutobala amaotchera. Tsono ganizirani kutentha kumeneko muli m'nyumba yomangidwa modalira makina, osati modalira kamphepo ka pazenera.

Makina akafa, funso loyamba limene mwini nyumba amafunsa ndi lakuti, ndigule ya kampani iti? Maina alipo ambiri: Carrier, Trane, Lennox, Rheem, York, Goodman. Anthu amakangana za maina amenewa ngati a Maule ndi a Manoma tsiku la mpira. Uyu akuti yanga yatha zaka 20 osadwalapo, mnzake akuti dzina lomwelo linandidyera ndalama, zaka zitatu zokha zinayamba kuvuta. Chodabwitsa n'chakuti onse awiri angakhale akunena zoona. Zitheka bwanji kuti dzina limodzi likhale mngelo kunyumba iyi koma mfiti kunyumba inayo? Gwiritsitsani funso limeneli, tibwererako.

Tiyambe tasuzumira kuseri kwa mainawo. Kampani ya Carrier ndi imenenso imapanga makina otchedwa Bryant ndi Payne. Ya Trane ndi imenenso imapanga American Standard. Rheem ndi Ruud ndi ana a m'nyumba imodzi. Goodman, imene anthu ambiri kumeneko amaiona ngati ya wosauka, inagulidwa mu 2012 ndi Daikin ya ku Japan, imodzi mwa makampani aakulu kwambiri padziko lonse pa zoziziritsa. Mukatsegula zibokosizo mudabwanso, chifukwa kompuresa, imene ndiyo mtima wa makina onse, m'maina ambiri opikisana imachokera kukampani imodzi yotchedwa Copeland. Anthu awiri angathe kutukwanizana madzulo onse, uyu akuchemerera dzina lake uyo lake, pamene mitima ya makina awo inatuluka pakhomo limodzi.

Musaseke Amereka msanga. Yang'anani foni imene mukuwerengerapo nkhaniyi. Ngati ndi Tecno, Itel kapena Infinix, dziwani kuti zonse zitatu ndi za kampani imodzi ya Transsion, ya ku Shenzhen ku China. Koma mwamvapo kangati wa Infinix akunyoza wa Itel m'minibasi? Ifenso ndife anthu okonda dzina, mpaka mankhwala alionse otsukira mano timangoti kolgeti. Sindikunena kuti zinthu za kampani imodzi zimafanana zonse. Pali zotsika mtengo ndi zokwera, pali zaphokoso ndi zachete, pali zodya magetsi ndi zosunga. Ndikungoti mtunda umene uli pakati pa maina m'mitu yathu ndi wautali kuposa umene uli m'fakitale.

Pali china chimene timaiwala. Maina ambiri amenewa anali maina a anthu enieni, anthu a manja akuda ndi oyilo. James Trane anali pulambala wochokera ku Norway amene anatsegula kashopu kake ku La Crosse, Wisconsin, mu 1885. Dave Lennox anali ndi malo osulira ndi kukonzera zitsulo ku Marshalltown, Iowa. Harold Goodman wa ku Houston anayamba ngati woika ma AC m'nyumba za anthu asanayambe kupanga akeake. Pachiyambi, munthu akanena kuti ndikukhulupirira Trane ankatanthauza bambo wina amene ankadziwa pamene akukhala, amene akanatha kumugogodera chitseko chinthu chikavuta. Lero anthuwo anapita kalekale, maina awo anasanduka katundu wogulitsidwa ndi kugulidwa pakati pa makampani. Ife tatsala tikulipatsa dzina ulemu umene unali wa munthu.

Komabe tisalinyoze dzina mopitirira. Mu 1970 katswiri wa zachuma George Akerlof analemba nkhani yotchedwa The Market for Lemons, imene inathandiza kuti alandire mphoto ya Nobel mu 2001. Ku America galimoto yovunda m'kati amaitchula kuti ndimu. Akerlof anaonetsa chimene chimachitika pamsika wa galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito, pamene wogulitsa akudziwa matenda a galimoto yake koma wogula sakudziwa. Wogula, poopa kupusitsidwa, amakana kulipira mtengo wa galimoto yabwino. Mwini galimoto yabwino, poona kuti sakupatsidwa mtengo woyenera, amaichotsa pamsika. Zotsala ndi zovunda zokhazokha, ndipo msika umafa pang'onopang'ono. Aliyense amene anaitanitsapo galimoto atangoiona pachithunzi akudziwa mantha amenewa. Akerlof yemweyo ananena kuti dzina la kampani ndi waranti ndi zina mwa njira zimene anthu anapeza zothetsera vutoli. Kampani yokhala ndi dzina ili ndi chotaya. Ikakupusitsani lero, mawa simugulanso, ndipo muuza anzanu.

Ndiye dzina lili ndi ntchito yake, ndipo wonena kuti maina onse ndi chimodzimodzi akunama. Dzina lodziwika limatanthauza kuti chitsulo china chikathyoka patatha zaka 8, chopuma chake chipezeka mumzinda mwanu momwemo osadikira mwezi. Limatanthauza kuti pali ofesi imene mungailembere kalata. Makampani ambiri a AC amapereka waranti ya zaka 10 pa zipangizo, malinga mwini alembetse makina ake m'masiku 60 kapena 90 oyambirira. Akazengereza, kawirikawiri imatsika kufika pa zaka 5. Koma werengani bwino pepala limenelo. Nthawi zambiri waranti ya kampani imalipira chitsulo chokha. Ntchito yochotsa chakufa n'kuika chatsopano siilipira. Ngakhale kampani imene, mwakachetechete, ikukuuzani kuti ine ndikuyankhira chitsulo, za manja mukaonane nazo nokha.

Apa ndiye pagona nkhani. Firiji imatuluka m'fakitale itatha kupangidwa. Mukafika nayo kunyumba mumangoilumikiza kumagetsi, ndipo ikakhala yoipa mlandu ndi wa kampani. AC ya nyumba yonse situluka m'fakitale itatha. Imabwera m'zidutswa, ndipo amene amaimaliza ndi mmisiri, pakhomo panu, tsiku limodzi kapena awiri. Fakitale yomaliza ndi nyumba yanu, ndipo m'fakitale imeneyo mulibe kapitawo woyendera ntchito.

Taonani zimene mmisiriyo ayenera kuchita. Choyamba ndi kudziwa kukula kwa makina oyenera nyumbayo. Kumeneko mphamvu ya AC amaiyeza m'matani, mawu otsalira kuyambira masiku amene anthu ankaziziritsa ndi ayezi: tani imodzi ndi kutentha kumene kungasungunule tani ya ayezi m'maola 24. Pali njira yowerengera yotchedwa Manual J, imene imafuna kuti mmisiri ayeze zipinda, awerenge mazenera, aone kumene dzuwa limawomba ndiponso mmene makoma ndi denga zimasungira kutentha. Zimatenga nthawi. Waulesi amangoyang'ana makina akale n'kuika ofanana nawo, kapena aakulupo pang'ono kuti kasitomala asadzadandaule. Ndipo kasitomala amakondwa, poti tonse timaganiza kuti chachikulu ndiye chabwino. Koma AC yaikulu mopitirira imaziziritsa msangamsanga n'kuzima, kuyakanso, kuzimanso. Kuyakayaka kumeneku kumatopetsa kompuresa, ndipo makinawo sakhala ndi nthawi yokwanira yochotsa chinyezi mumpweya. Nyumba imazizira koma thupi limanata. Chonsecho makina oyamba amene Willis Carrier anakonza mu 1902, a kampani ina yosindikiza mabuku ndi zithunzi ku Brooklyn, cholinga chake chinali chinyezi chomwecho, chimene chinkafufumitsa mapepala n'kusokoneza mitundu ya inki. Makina olembedwa dzina lake angathe kulephera ntchito imene iye anayambira, chifukwa choti wina anachita ulesi kuyeza nyumba.

Chachiwiri ndi mapaipi a gasi. Ayenera kuwotchereredwa bwino kuti pasakhale podontha. Asanalowetse gasi, mmisiri ayenera kupopa mpweya ndi chinyezi chonse chotsalira m'mapaipimo, chifukwa chinyezi chikasakanikirana ndi oyilo wa m'kompuresa chimapanga asidi amene amaidya pang'onopang'ono. Gasi ayenera kukhala wa muyeso, osachepa osachuluka. Chachitatu ndi mipope ya mpweya ija. Pulogalamu ya boma la America yotchedwa Energy Star imati m'nyumba wamba mpweya wokwana 20 mpaka 30 peresenti umatayikira m'ming'alu ndi m'malo olumikizidwa molakwika. Munthu angathe kulipira ndalama zambiri kugula makina osunga magetsi, n'kumaziziritsa makoswe a m'siling'i. Ndipo zonsezi, tsiku loika makina, sizioneka. Mmisiri akayatsa, mpweya wozizira umatuluka ndithu, mwini nyumba amamwetulira n'kulipira. Ntchito yabwino ndi ntchito yachinyengo zimafanana tsiku loyamba. Zimadzasiyana chaka chachitatu kapena chachisanu, mmisiri atasintha kale nambala ya foni. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwaona tsono chifukwa chake anthu awiri aja onse ankanena zoona? Sanagule chinthu chimodzi. Anagula chibokosi chofanana, koma manja osiyana. N'chifukwa chake amisiri ambiri okhwima pantchitoyi amanena kuti kuli bwino makina otsika mtengo oikidwa bwino kusiyana ndi okwera mtengo oikidwa mwachisawawa.

Nanga ngati zili choncho, bwanji timathamangirabe kufunsa za dzina? Ine ndikuona zifukwa zitatu, ndipo palibe chotikometsa. Choyamba, funso la dzina ndi lophweka. Lili ndi yankho la liwu limodzi, ndipo mungalipeze mutagona pabedi ndi foni. Funso lakuti munthu uyu ndi wokhulupirika kodi, limafuna kuti mudzuke, mufunse anthu, mumvetsere, muganize. Chachiwiri, kuweruza munthu kumachititsa manyazi. Kumufunsa mmisiri kuti mundionetse mmene mwawerengera, kapena ndipatseni manambala a anthu amene munawagwirira ntchito zaka zitatu zapitazo, kumamveka ngati mukumutcha wakuba. Ife makamaka, amene tinaleredwa kuti mlendo sapanikizidwa ndi mafunso, timalolera kuluza ndalama kusiyana n'kuoneka amwano. Koma paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Chachitatu, dzina limationetsa kwa anthu. Chibokosi cha kunja chija anansi amachiona, ndipo amawerenga cholembedwapo. Kuwotcherera kwabwino kwa m'siling'i palibe adzakuyamikireni nako.

Katswiri wa nzeru zakuya wa ku Britain, mayi Onora O'Neill, analankhula pa wailesi ya BBC mu 2002 nkhani zingapo pa mutu wa kukhulupirirana. Mfundo yake imene wakhala akuibwereza ndi yakuti cholinga chathu chisakhale kungokhulupirira kwambiri, koma kukhulupirira oyenera ndi kukana osayenera. Ndipo poyeza munthu pa ntchito inayake, iye amati tiziona zinthu zitatu: kodi ntchitoyo amaitha, kodi amanena zoona, kodi amachita zimene walonjeza. Tayesani dzina la kampani pa sikelo imeneyi. Lingakuuzeni kuti fakitale imaitha ntchito yake. Silingakuuzeni ngati munthu amene akukwera m'siling'i mwanu Lachiwiri likudzali amanena zoona. Kusankha dzina n'kuganiza kuti mwamaliza kuli ngati kufufuza mbiri ya sukulu imene dokotala anaphunzira, osafunsa ngati dokotalayo amabwera kuntchito ali bwinobwino.

Tsopano titembenukire kwa mmisiri, chifukwa m'gulu lino amisiri mulimo: amagetsi, okonza mafoni, omanga, osoka. M'buku la Plato lotchedwa Republic muli nthano ya mbusa amene anatola mphete yomuchititsa kusaoneka. Wofotokoza nthanoyo ankafuna kutsimikiza kuti munthu amachita chilungamo chifukwa choopa maso a anthu basi, ndipo mutamupatsa mphete yotere, wolungama ndi wosalungama angachite zofanana. Mmisiri wa AC amavala mphete imeneyi tsiku lililonse. Ali yekha pansi pa denga ku Texas, kumene masana kutentha kumapitirira madigiri 50, thukuta likulowa m'maso, bwana akumuimbira foni kuti pali nyumba ina ikudikira. Kupopa chinyezi mokwanira kumafuna nthawi. Akadumpha, palibe adzadziwe, ndipo makina akadzafa anthu adzatukwana dzina la pachibokosi, osati iye. Dzina la kampani ndiye chovala chimene chimamubisa. Amene amagwirabe ntchito yonse bwinobwino m'malo oterewa wamuyankha Plato popanda kulemba buku. Khalidwe la munthu limaoneka pa ntchito imene palibe adzaione.

Koma nanunso ogula musasambe m'manja. Mwini nyumba akaitana amisiri atatu n'kusankha wotchipitsitsa, osafunsa chifukwa chake watchipa, wavotera chinyengo. Mtengo wa chibokosi sungatsike kwambiri, poti onse amagula kumalo ofanana. Chimene chimatsika ndi nthawi: kuyeza nyumba, kumata mipope, kupopa chinyezi. Mmisiri wachilungamo amaoneka wodula chifukwa waika m'mtengo wake maola amene mnzake wakonza zoba. Tikamukana kawiri katatu, amaphunzira phunziro limene tamuphunzitsa, kapena amaisiya ntchitoyo. Ndi msika wa ndimu uja, koma tsopano ndimu zake ndi anthu. Timalolera kuwonjezera ndalama zambiri pa dzina osanenerera, koma pa thukuta la munthu timanenerera mpaka tambala yomaliza. Tikamadandaula kuti amisiri a masiku ano ndi akuba, tizidzifunsanso kuti wachilungamo uja tinamusiya chifukwa chiyani.

Palinso anthu ena amene nkhaniyi imawakhudza koma safunsidwa, ndipo apa ndi pamene inu ndi ine tikulowamo mwachindunji. Gasi wa m'makinawa akathawira mumlengalenga sadziwa malire a dziko. Wakale, wotchedwa R-22, ankawononga chophimba cha ozoni chimene chimatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa, ndipo potsatira pangano la ku Montreal la 1987, America inasiya kumupanga ndi kumuitanitsa mu 2020. Amene analowa m'malo mwake, R-410A, ozoni saiwononga, koma kilogalamu imodzi yokha imatenthetsa dziko mofanana ndi matani awiri a mpweya wa kaboni, ndipo AC ya nyumba imodzi imanyamula makilogalamu angapo. N'chifukwa chake mu 2016 maiko anakumana ku Kigali, ku Rwanda, n'kugwirizana zochepetsa magasi a mtundu umenewu, pangano limene Malawi nalo linavomereza. Kuyambira mu 2025 makina atsopano opangidwira nyumba za ku America akugwiritsa ntchito magasi ofatsirapo: Carrier, Trane ndi Lennox anasankha R-454B, pamene Daikin ndi Goodman anasankha R-32.

Apanso mungaganize kuti nkhani yathera pa dzina, kungosankha kampani ya gasi wabwino. Koma gasi amene ali m'paipi yotsekedwa bwino savulaza munthu. Wovulaza ndi amene wathawa. Amathawa podontha pamene panawotchereredwa mothamanga, ndiponso amathawa tsiku lochotsa makina akale. Lamulo la ku America limaletsa kutulutsira gasiyu mumlengalenga mwadala. Mmisiri ayenera kumupopera m'silinda, ndipo ayenera kukhala ndi chiphaso chogwirira ntchito imeneyi. Koma kupopa kumadya nthawi, pamene kudula paipi ndi kanthawi kochepa, kaphokoso kakuti fyuu, nkhani yatha. Mwini nyumba ali m'kati akumwa tiyi. Amene adzalipire ndi mlimi wa ku Nsanje amene kunyumba kwake kulibe ngakhale babu limodzi la magetsi, pamodzi ndi ena onse amene nyengo ikuwasinthira. Inde, mmisiri mmodzi sangasinthe nyengo ya dziko. Koma bungwe la International Energy Agency linawerengera mu 2018 kuti padziko panali ma AC pafupifupi 1.6 biliyoni, ndipo pofika 2050 angadzafike 5.6 biliyoni. Iliyonse idzaikidwa ndi manja a munthu, ndipo idzachotsedwa ndi manja a munthu.

Ndikudziwa kuti wina akuti, zonsezi n'zokoma kulemba, koma gogo wa ku Phoenix amene makina ake afa kunja kukutentha madigiri 45 alibe nthawi yofufuza khalidwe la munthu. Atenga amene wayankha foni, ndipo chokhacho chimene angagwire ndi dzina limene analimvapo. Ndipo ngakhale atakhala ndi nthawi, adziwa bwanji ngati chinyezi chapopedwa mokwanira? Si ntchito yake. Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo sindiikana. Munthu wosadziwa komanso wopanikizika, dzina ndiye ndodo yake, ndipo palibe angamunene. Kuyeza anthu ndi mwayi umene osauka ndi othamangitsidwa amakhala nawo pang'ono kuposa ena.

Koma taonani kumene mfundoyi ikutifikitsa. Sikutsimikiza kuti dzina ndi lokwanira. Ikutsimikiza kuti katundu wolemera ali pamutu pa wodziwa. Pamene wogula sangathe kuona chilichonse, mlandu wonse uli pa wogulitsa, ndipo kupusitsa gogo amene alibe pothawira ndi tchimo lalikulu kuposa kupusitsa injiniya amene akanatha kudziteteza. Ikutsimikizanso kuti kukhulupirira si ntchito ya munthu mmodzi. Gogoyo amapulumuka ngati mdzukulu wake, mnansi wake kapena a kumpingo kwake akudziwa mmisiri amene anawagwirira bwino ntchito zaka zapitazo. Mbiri yoyenda pakamwa pa anthu ndiyo waranti ya wosauka. Choncho mukapeza mmisiri wabwino n'kukhala chete, mwawamana anzanu chinthu chofunika. Ndipo amene muli ndi nthawi lero, munthu wodalirika amafunidwa makina asanafe. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Zizindikiro zake si zovuta, ndipo sizifuna digiri. Kodi wabwera kudzaona nyumba, kapena watchula mtengo pafoni? Kodi wakwera m'siling'i kukaona mipope, kapena wangoima pabwalo n'kuloza kabuku ka zithunzi? Mukamufunsa chifukwa chake wasankha kukula kumeneku, akufotokoza kapena akukwiya? Akulola kulemba papepala zimene achite ndi zaka zimene adzayankhire ntchito ya manja ake? Kodi anayamba wakuuzanipo kuti ichi musagule, simukuchifuna, ngakhale kuti iye akanapindulapo? Munthu amene wakana ndalama yanu kamodzi chifukwa cha chilungamo, musungeni ngati mbewu. Mukamupeza ameneyo, funso la dzina limapepuka, chifukwa mungamufunse iye yemweyo kuti ndi makina ati amene amawadziwa bwino ndiponso amene zipangizo zake zimapezeka pafupi.

Kwathu kuno nyumba zoziziritsidwa motere n'zosowa, koma mkhalidwe wake tili nawo tsiku ndi tsiku. Sola imene mwagula ndi ndalama za fodya kapena za soya ingakhale ya dzina labwino, koma wolumikiza akaika waya woonda kapena batire losagwirizana ndi mapanelo, pakutha chaka muli mumdima mukutukwana kampani. Simenti ya dzina siimanga nyumba ngati womanga akuchulukitsa mchenga inu mutapita kuntchito. Mjigo ungakhale ndi pampu yabwino, koma ngati okumba anasiyira panjira madzi enieni asanawapeze, Okutobala akafika amayi abwereranso kudambo. Ngakhale sukulu ya dzina, amene amaphunzitsa mwana wanu si chikwangwani cha pageti, ndi mphunzitsi amene ali m'kalasi chitseko chitatsekedwa.

Ndipo poti lino ndi gulu la olemba ndi owerenga, tisadzipatule. Ndi kangati timathamangira kuyamikira ndakatulo chifukwa cha dzina la wolemba tisanaiwerenge n'komwe, pamene ya mtsikana wosadziwika wa ku Mzimba kapena ku Phalombe tikuidumpha? Dzina la wolemba nalo ndi lonjezo, ndipo nthawi zambiri analipeza movutikira. Koma chimene chimakhudza mtima ndi ntchito imene ili patsamba, mzere ndi mzere, kumene wolemba anakhala yekha usiku n'kusankha kukonza kapena kungosiya poti palibe adzaone.

Ndiye wina akadzakufunsani kuti pakati pa Carrier, Trane ndi Goodman yabwino ndi iti, kapena pakati pa sola iyi ndi iyo, musamukanize yankho, poti maina amasiyanadi pang'ono. Koma mubwezereni funso lina: adzaike ndani, ndipo mukumudziwa bwanji? Ndipo inu amene mawa m'mawa mukukwera padenga la munthu, kapena kutsegula foni yake kuseri kwa kauntala, kumbukirani kuti mwini wake wapita kunyumba ali ndi mtendere chifukwa akuganiza kuti wagula dzina. Sakudziwa kuti zonse wazisiya m'manja mwanu.